Zimene kadzidzi wadya usiku, ana angaziwerenge m'mawa

Phunziro la mbalame limayenda bwino mpaka mphunzitsi atatchula kadzidzi. Ana amene amalimbirana kutchula njiwa, nkhwali, timba ndi khwangwala amangoti zii, ena n'kumaseka mwamantha, kenaka wina wolimba mtima amanena zimene onse akuganiza: kuti imeneyo ndi mbalame ya afiti, ikalira padenga ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro. Njira yachidule pamenepo ndi kulemba pabolodi kuti a coruja é uma ave nocturna, ana akopere m'makope mwawo, phunziro lithe. Anawo adzayankha bwino pa mayeso. Koma Loweruka lotsatira, akadzapeza kadzidzi atabisala mumtengo wa mango, adzamugenda ndi legeni monga kale, chifukwa chiganizo cha pabolodi chija sichinakhudze n'komwe zimene iwo amadziwa.

Mantha amenewa si a ana okha, ndipo si a ku Angónia kokha. Heimo Mikkola, katswiri wa akadzidzi wa ku Finland amene anagwirapo ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi, anafunsa anthu ku Malawi zimene amadziwa za mbalameyi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1997. Ambiri mwa amene anayankha anaigwirizanitsa ndi tsoka, ufiti kapena imfa. Ku Dómuè kapena ku Calómuè, kumene anthu amakwatirana ndi kulirana maliro ndi anzawo a mbali ya Dedza, mayankho sangasiyane kwenikweni. Choncho mphunzitsi akangonena kuti zonsezo ndi zabodza, watsutsa agogo a anawo, ndipo mwana akauzidwa kuti asankhe pakati pa agogo ake ndi mphunzitsi wobwera, amasankha agogo. Chimene chimathandiza ndi umboni umene mwana angauone yekha n'kuuwerenga ndi zala zake. Mwamwayi, kadzidzi amasiya umboni wotere pansi pa malo ake ogona tsiku ndi tsiku. Koma mphunzitsi ayenera kuyamba waidziwa mbalameyo.

Thupi la mlenje wausiku

Padziko lonse pali mitundu ya akadzidzi yoposa 200, ndipo pafupifupi chilichonse chimene chimaopsa anthu pa thupi lawo ndi chida chosakira. Maso ndi aakulu kuti alowetse kuwala kochuluka, ndipo onse awiri ali kutsogolo ngati a munthu, zimene zimathandiza kuyeza mtunda wa pamene pali mbewa. Masowo si obulungira ngati a munthu. Ndi ataliatali ndipo anamangika ndi timafupa, motero sayendayenda. Kuti aone kumbali, kadzidzi ayenera kutembenuza mutu wonse. M'khosi mwake muli mafupa 14, pamene m'khosi mwa munthu, mwa mbuzi ngakhale mwa kadyansonga muli 7 okha, n'chifukwa chake amatha kupotoza mutu mpaka madigiri 270 thupi lili chikhalire. Zoti masana saona si zoona. Amaona bwinobwino, kungoti amabisala chifukwa mbalame zing'onozing'ono monga mnthengu ndi pumbwa zikamuona zimamuunjirira ndi phokoso mpaka achoke.

Chida chachikulu koposa ndi makutu. Kadzidzi woyera nkhope, amene amakonda m'madenga a masukulu ndi m'nsanja za matchalitchi, ali ndi nthenga zolimba zozungulira nkhope ngati kambale. Zimasonkhanitsa phokoso n'kulilowetsa m'makutu amene abisika m'mbali mwa nkhopeyo. Khutu lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake, kotero kuti kaphokoso ka mbewa sikamveka chimodzimodzi m'makutu awiriwo, ndipo kusiyana kumeneko kumamuuza ngati mbewayo ili kumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena m'munsi. Roger Payne wa ku America anayesa zimenezi m'chipinda chopanda kuwala ngakhale pang'ono, atayala masamba ouma pansi. Kadzidzi ankagwira mbewa mumdimamo. Pofuna kutsimikiza kuti sakutsata fungo kapena kutentha kwa thupi, Payne anakoka kapepala kofwinya ndi ulusi pamasambapo, ndipo kadzidzi anambwandira pepalalo. Zotsatira zake zinatuluka mu 1971.

Kalasi iliyonse ingathe kuyesa mbali ina ya zimenezi popanda kugula kanthu. Mwana mmodzi amangidwe nsalu m'maso, mnzake akhwekhwereze khoko la chimanga pakona ina ya chipinda, womangidwayo aloze. Kenaka atseke khutu limodzi ndi chala n'kuyesanso. Pomaliza aike zikhatho kuseri kwa makutu onse awiri. Ana amazindikira okha ntchito ya makutu awiri ndi ya kambale kaja mphunzitsi asanafotokoze.

Mlenje wodalira makutu sayenera kusokosera. Njiwa ikamauluka mapiko amalira, koma nthenga za kadzidzi n'zofewa ngati bulangeti, ndipo nthenga ya kutsogolo kwa phiko ili ndi timano ngati chipeso timene timagawa mphepo kuti isachite mkokomo. Mbewa siimumva akubwera, nayenso phokoso la mapiko ake silimusokoneza. Munthu woyenda usiku amangoona chinthu choyera chadutsa pamutu popanda ngakhale kaphokoso, tsitsi n'kumuimirira.

Nanga nyanga? Pali nthano yodziwika m'mayiko a kuno ya mmene mbalame zinkaopera kadzidzi poganiza kuti ali ndi nyanga, mpaka kambalame kena kolimba mtima kanamumenya pamutu n'kupeza kuti ndi nthenga chabe. Nthanoyo ikunena zoona. Timitsitsi tiwiri timene tili pamutu pa mitundu ina si nyanga, ndiponso si makutu. Mphunzitsi amene angapemphe ana kuti akaifunse nthanoyi kunyumba adzapeza kuti makolo omwewo amene amaopa kadzidzi anasunganso nkhani yophunzitsa kuyamba wafufuza chinthu usanachiope.

Chakudya chake, ndi mmene chimadziwikira

Kadzidzi alibe mano. Kanyama kakang'ono amakameza kathunthu, mutu patsogolo. Mnofu umagayika m'mimba, koma ubweya, mafupa, mano ndi zikamba za tizilombo sizigayika. Zimenezi zimaumbika pamodzi kukhala m'bulu, ndipo pakapita maola angapo amaubzikula kudzera kukamwa. Si ndowe ayi. Wa kadzidzi woyera nkhope umakula ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, ukakhala watsopano ndi wakuda ndi wonyezimira, ukauma umatuwa. Amabzikula umodzi kapena iwiri pa tsiku, ndipo popeza amagona malo amodzimodzi kwa nthawi yaitali, mibuluyi imaunjikana pansi pa mtengo, m'chipinda chosiyidwa kapena m'munsi mwa chiboo cha siling'i, pamodzi ndi madontho oyera ngati laimu.

M'Chipwitikizi m'bulu umenewu umatchedwa egagrópila, mawu amene ngakhale munthu wobadwira ku Lisboa angathe kufa asanawamvepo. Mwana wa kalasi yachitatu sangachite nawo kanthu. Koma mawu akuti kubzikula amawadziwa kuchokera kukhola la ng'ombe ndi mbuzi, ndipo akamva kuti izi ndi zobzikula za kadzidzi, wamvetsa kale theka la phunziro. Mawu a Chipwitikizi angabwere pambuyo, chinthucho ataona.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mphunzitsi atole yekha mibulu youma pogwiritsa ntchito pepala kapena jumbo, aiyanike padzuwa, ndipo tsiku la phunziro aiviike m'madzi pachivindikiro cha chitini kuti ifewe. Ana, m'magulu a anayi kapena asanu, aiphwasule ndi timitengo tosongola, n'kuyala mafupa papepala loyera. Asadye kanthu pa nthawiyo, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo akamaliza, chifukwa mibulu imatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mwana amene wakana kukhudza asakakamizidwe. Apatsidwe ntchito yolemba zimene anzake apeza, ndipo kawirikawiri pakapita kanthawi amasendera yekha.

Chofunika kufufuza ndi zigaza ndi nsagwada. Chigaza cha mbewa kapena khoswe chili ndi mano awiri ataliatali achikasu kutsogolo, kenaka mpata wopanda mano, ndiye mano otafunira kumbuyo. Cha swiswiri ndi chachitali, chosongoka, ndipo mano ake ndi akuthwa mondondozana popanda mpata, chifukwa iye amadya tizilombo osati mbewu. Cha mbalame chimadziwika ndi mlomo. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa nyama zimene zadyedwa, ana awerenge zigaza, kapena aphatikize nsagwada za m'munsi ziwiriziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere. Zotsatira za magulu onse zilembedwe pabolodi: mbewa zingati, aswiswiri angati, mbalame zingati, anapiye a nkhuku angati. Mzere womalizawu ndi wofunika, pakuti ndi umene umayankha mlandu wina umene kadzidzi amaimbidwa.

Apa ndi pamene kalasi ya zilankhulo ziwiri ili ndi mwayi umene kalasi ya Chipwitikizi chokha ilibe. Buku la Ciências Naturais likati rato, lamaliza. Mnyamata wa ku Angónia amene wakumba mbewa kuyambira ali wamng'ono amasiyanitsa kapuku, phanya, chitute, mende ndi tondo, amadziwa mtundu umene umakonda kudambo ndi umene umakumba una wautali m'munda, ndipo sangasokoneze mbewa, imene ndi ndiwo, ndi khoswe wa m'nyumba, amene si ndiwo. Nthawi zambiri mnyamata wotereyu ndi yemwe uja amakhala kumbuyo osayankha kanthu. Tsiku limeneli ndiye katswiri wa kalasi, ndipo mphunzitsi wochokera ku mzinda wa Tete kapena ku Beira achita bwino kumufunsa moona mtima. Mayina amasiyana mudzi ndi mudzi, onse alembedwe. Kuyambira pa PEBIMO, ntchito yoyesera imene INDE inayendetsa kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, mfundo ya maphunziro a zilankhulo ziwiri yakhala yoti mwana ayambire pa zimene akudziwa kale. Maphunziro ndi ochepa amene mwana amafika akudziwa zambiri chotere kuposa buku.

M'mayiko a kummwera kwa Africa, mbewa imene imapezeka kwambiri m'mibulu ya kadzidzi woyera nkhope ndi kapuku, amene asayansi amamutcha Mastomys natalensis. Alimi amamudziwa: amafukula chimanga chongobzalidwa kumene, amadya chokhwima m'munda, kenaka amachitsata kunkhokwe. Wamkazi amakhala ndi mawere mpaka 24, bere lake ndi la masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo amaswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi. Samu yake ana angaichite okha. Ngati kadzidzi mmodzi agwira mbewa ziwiri usiku uliwonse, pa chaka ndi mbewa 730, osawerengera zimene amatutira ana ake.

Mphunzitsi akonzekere funso limodzi limene silili m'buku lililonse: ngati zili choncho, ndiye kuti kadzidzi akutha ndiwo? Funsoli ndi lanzeru ndipo silofunika kulizemba. N'zoona kuti anyamata ndi kadzidzi amasaka nyama imodzi. Koma anyamata amakumba makamaka m'chilimwe, chimanga chitakololedwa, pamene kadzidzi amasaka chaka chonse, kuphatikizapo mu November ndi December pamene mbewu ili m'nthaka ndipo anthu onse ali kalikiliki ndi makasu. Komanso pasakhale kukokomeza. Akadzidzi amachepetsa mbewa, sazimaliza, ndipo chaka chimene mbewa zabuka mochuluka sangathe kuziletsa okha.

Za nkhuku zimadalira mtundu. Kadzidzi woyera nkhope salemera kufika theka la kilogalamu, sangathe kunyamula thadzi. Wamkulu kwambiri mu Africa, wotuwa, wa zikope zofiirira, amene amafika masentimita oposa 60, amagwira akalulu ndi nkhanga, ndipo nkhuku yogona mumtengo angaitenge. Mankhwala ake ndi khola lotseka.

Kumene amakhala

Mapiri a Angónia ndi Tsangano analimidwa kwambiri, ndipo mitengo ikuluikulu ya mphako yatsala yochepa. Mitundu imene ikuoneka kawirikawiri ndi imene imatha kukhala pafupi ndi anthu. Kadzidzi woyera nkhope, Tyto alba, coruja-das-torres m'Chipwitikizi, samanga chisa. Amaikira mazira pamalo pouma pobisika: m'phanga, m'mphako, m'siling'i, m'nsanja ya belu, ngakhale m'chisa chachikulu cha nantchengwa. Amayamba kufungatira akangoikira dzira loyamba, n'kumawonjezera lina pakapita masiku awiri kapena atatu, motero ana ake amaswedwa mosiyana, wina wamkulu wina wamng'ono. Iyeyu salira kuti huu-huu. Amakuwa mokweza ngati munthu amene wapwetekedwa, ndipo ana ake akamapempha chakudya amachita phokoso ngati mkonono kapena ngati munthu wobanika. Mphunzitsi amene anagonapo yekha m'nyumba ya sukulu n'kumva mkonono m'denga usiku wonse angamvetse chifukwa chake anthu amathamangira kunena za mizimu.

Wolira huu-huu ndi wamawangamawanga wa maso achikasu ndi timitsitsi tija, Bubo africanus. Amakonda mapiri a miyala ngati a ku Dómuè, m'maphompho ndi m'mitengo ya bulugamu ya pafupi ndi nyumba, ndipo nthawi zambiri amaikira pansi pakati pa miyala. Amadya zambiri: ziwala, nkhululu, zikumbu, ngumbi, mbewa, timbalame ndi achule. Mibulu yake imadzaza zikamba za tizilombo ndipo imasweka msanga. Amakonda kutera pamsewu usiku posaka, n'chifukwa chake amagundidwa ndi galimoto.

M'nkhalango zowirira za m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje mumakhala wina wa mutu wobulungira ndi maso akuda, Strix woodfordii, amene amadya kwambiri tizilombo. M'madambo muli ena amene sagona mumtengo n'komwe, monga Asio capensis. Amagona ndi kuikira pansi mu udzu wautali, ndipo amayamba kuuluka motsika pamwamba pa dambo dzuwa likamalowa. Adani awo ndi moto wolusa ndi kusanduka kwa madambo kukhala madimba a mbatatesi ndi kabichi. Moto umene anyamata amayatsa posaka mbewa umapsereza malo ogona a mlenje mnzawo.

Podziwa malo amenewa, mafunso awiri amene ana amafunsa ali ndi yankho. Kumanda kumamveka akadzidzi chifukwa m'midzi yambiri ndi kumanda kokha kumene mitengo yakale sinadulidwe ndipo masana kulibe owasokoneza. Padenga la nyumba amaterapo chifukwa ndi pamalo okwera oyang'ana kunkhokwe ndi kudzala, kumene kuli makoswe. Amalira poitana mnzake ndi pochenjeza akadzidzi ena kuti malowo ali ndi mwini, ndipo amatero mausiku ambiri, anthu ali m'tulo. Amene amakhala maso pakati pa usiku n'kumumva ndi amene akudwazika matenda. Wodwalayo akamwalira, kulira kuja kumakumbukika. Akachira, palibe amakumbukira. Mphunzitsi sayenera kulamula ana kuti akhulupirire zimenezi. Angowapempha kuti kwa mwezi umodzi azilemba tsiku lililonse limene wina m'kalasi wamva kadzidzi, ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Ndandandawo udzayankhula wokha.

M'mayiko ena alimi amachita kumuitana kadzidzi. Ku Malaysia amamukhomera mabokosi m'minda ya kanjedza wa mafuta kuti azigwira makoswe. Ku Israel ntchito yotere inayamba mu 1983 pa mudzi wa alimi wa Sde Eliyahu, ndipo inafalikira ku Jordan ndi kwa alimi a ku Palestine. Chitsanzo chapafupi ndi cha ku Alexandra mu Johannesburg, kumene mabokosi anaikidwa m'masukulu ena pofuna kuchepetsa makoswe, ana a sukulu n'kumathandiza kusamalira ana a kadzidzi. Kumeneko nakonso anthu ambiri amaopa mbalameyi, ndipo si onse amene anakondwera nazo. Sukulu ya ku Angónia isathamangire kukhoma bokosi makolo asanamve, kuopa kuti mphunzitsi angatchuke ndi dzina loweta akadzidzi, dzina limene m'mudzi silichoka msanga.

Pali zina zing'onozing'ono zimene sukulu ingachite popanda kuutsa mapiri pachigwa. Mankhwala a makoswe ogula pamsika amaphanso kadzidzi, mphaka ndi galu amene wadya khoswe wofooka ndi poizoni, choncho msampha ndi wabwino kuposa mankhwala pamalo pamene pali akadzidzi. Mwana wa kadzidzi woyera nkhope akagwa kuchokera m'denga, abwezeredwe pomwe wagwa ndi munthu wamkulu atakulunga manja ndi nsalu poopa zikhadabo, chifukwa makolo ake samudyetsera pansi. Fungo la munthu siliwachititsa kumukana. Ana a wamawangamawanga uja amayendayenda pansi asanadziwe kuuluka, makolo ali chapafupi, ndipo amangofunika kuwaingitsira agalu. Ngati akadzidzi aswera m'siling'i ya kalasi ndipo fungo ndi phokoso zikuvutitsa, nkhaniyo ipite ku Conselho de Escola, pamene pali makolo ndi mafumu, mphunzitsi atatenga pepala lija la zigaza ndi chiwerengero chimene ana anapeza. Pempho lake likhale lochepa: chiboo chisatsekedwe mpaka anawo atauluka. Mazira amaswa pakatha mwezi, ndipo ana amatenga miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono kuti atuluke.